Dzanja Lakuda M'mapapo

Madzulo amenewo wojambula ekisire pachipatala cha m'mudzimo ankayanika zithunzi pawaya ngati masiku onse, akupana ndi dzanja lake lamanzere lopanda chala chapakati, chomwe chitseko cha galimoto chinadya ali mwana. Atakweza chithunzi cha wosoka nsapato wina pamagetsi, anachiyang'anitsitsa. M'papo limodzi munali malo akuda bii.

Malo akuda sanali achilendo kwa iye. TB imaboola papo, fodya amasiya timatumba ta mpweya, chithupsa chikaphulika chimasiya mphako, mwinanso papo limaphwa, mpweya n'kudzaza m'chifuwa. Koma apa makhololo anapimidwa osapezeka kanthu, ndipo wosoka nsapato anamwalira sabata isanathe. Anatsatira mphunzitsi, kenako mayi wogulitsa makala, onse ndi mdima womwewo pamalo omwewo. Chipinda chojambulira chinayamba kununkha ngati nyama yogonetsa.

M'mudzi tulo tinatha. Ena ankati amamva munthu pazenera akukoka mpweya osautulutsa.

"Wina akudya mapapo," ananong'ona namwino.

"Ndani?" anafunsa wojambula.

"Mkulu wosesa uja. Si ndiye amalowetsa odwala kwanuko?"

Anthu akafuna mfiti sachedwa kuipeza. Anagenda nyumba ya mkuluyo mpaka anathawa opanda nsapato. Wojambula sanamuikire kumbuyo, anangopumira m'mwamba.

Kenako mkazi wa wojambulayo anayamba kutsokomola, kachifuwa wamba. Mwamunayo mantha anamugwira, kudya osadya.

"Mayi a mwana, tiyeni ndikakujambuleni."

"Chipinda chija ndimachiopa ine."

"Mfiti inathawa. Muli ndi ine."

Anamuimika pamakina, n'kumukankha pang'ono pamsana ndi dzanja lamanzere kuti chifuwa chigunde bwino, monga ankachitira ndi wodwala aliyense. "Kokani mpweya. Gwirani."

Chithunzi chitauma anachikweza pamagetsi. Mdima unalipo, ndipo ulendo uno unaoneka bwinobwino kuti ndi dzanja. Iye ankadziwa kuti dzanja likalowa pachithunzi limatuluka loyera, mafupa ali mbee. Ili linali lakuda, kusonyeza pomwe nyama ya papo yachotsedwa. Anawerenga zala zake. Chapakati panalibe.

"Mwaonapo chiyani, bambo a mwana?" anafunsa mkaziyo atatsamira chitseko, mpweya ukuperewera. "Ndikumva chizungulire. Bwerani mundigwire."

Wojambula anabisa dzanja kumbuyo, misozi ili chuchuchu, osasuntha pomwe anaima.