Idesi Athira Chitini Chonse

Uyu ndi Idesi. Amakhala ku Mualadzi. Ali ndi kamunda ka mpunga kudambo. Idesi akufuna chinthu chimodzi basi. Akufuna mpunga wake upose wa Florência.

Florência ndi msuweni wake. Nkhondo itatha, Florência anabwera kuchokera ku Zambia. Anabwera ndi amayi ake, azakhali Anastácia. Anabwera ndi nsapato zofiira. Anabwera ndi nyimbo zachilendo. Anabweranso ndi kathumba ka feteleza.

Idesi analibe nsapato zofiira. Analibe nyimbo zachilendo. Analibe feteleza. Anali ndi mbewu ya mpunga wonunkhira. Amayi ake ankaibisa m'botolo nthawi ya nkhondo. Chilala chitapita, inatsala yodzaza m'manja.

"Uisamale, Idesi," anatero amayi. "Ikafa imeneyi, yatheratu."

Idesi anadzala. Florência nayenso anadzala mbewu ina pafupi. Florência anawaza feteleza kadzanja kamodzi. Mpunga wake unabiriwira.

Anthu ankadutsa. "Koma mpunga wa Florência!"

Atate a Idesi anadutsanso. "Koma mpunga wa Florência!"

Mpaka atate ake omwe! Idesi anachita nsanje. Anatupa masaya ngati chule. Mtima unamuwawa kwambiri.

M'mawa mwake Idesi anatenga chitini. Anapita pa kathumba ka azakhali. Anayang'ana uku ndi uku. Anadzaza chitini mpaka pakamwa.

"Florência kadzanja kamodzi," anatero Idesi. "Ine chitini chonse!"

Anathira chonse m'kamunda kake. Kamunda kenikeniko kanali kochepa ngati mphasa ziwiri.

Tsiku loyamba, Idesi anadikira. Tsiku lachiwiri, anadikiranso. Tsiku lachitatu, mayo! Masamba anali achikasu. Nsonga zake zinali zitapsa.

Idesi analowa m'madzi. Anaponda matope. Thovu linatuluka. Bu bu bu! Idesi anayamba kulira.

Azakhali Anastácia anafika ndi khasu. Florência anali pambuyo pawo.

"Idesi iwe, ukuliranji?" anafunsa azakhali.

"Azakhali, ndinatenga feteleza wanu. Ndinathira chitini chonse. Mundikhululukire."

"Chitini chonse? Iii, mwanawe! Mpunga wapsa. Tizamoyo natonso tavutika."

"Tizamoyo titi, azakhali?" anafunsa Idesi.

Azakhali anatapa matope m'manja. "Mlangizi wina wa zaulimi anatiphunzitsa ku Zambia. Thovu lija ndi mpweya wa m'matope. Mpweya umenewu ukachuluka kumwamba, dziko limatentha. Koma pafupi ndi mizu pali tizamoyo. Sitioneka ndi maso. Timadya mpweyawo usanathawe."

"Timadya mpweya?" Idesi anadabwa.

"Eya. Feteleza pang'ono amapatsa tizamoyoti mphamvu. Akachuluka, timasiya kudya bwino."

Idesi anayang'ana matope. Anayang'ana mpunga. Anakumbukira mawu a amayi. "Ndiye mbewu ya amayi yatha?"

"Ayi, sinathe," anatero Florência. "Tiyeni titsegule ngalande. Madzi abwino alowe. Madzi a feteleza atuluke pang'onopang'ono."

Florência anavula nsapato zofiira. Anaziika pachulu. Analowa m'matope. Anakumba. Idesi anakumba. Azakhali anakumba. Madzi abwino analowa.

"Ukundithandiziranji?" anafunsa Idesi. "Ine ndimachita nawe nsanje."

Florência anaseka. "Inenso ndimachita nawe nsanje!"

"Iwe? Ndi nsapato zakozo?"

"Eya. Iwe umadziwa njira zonse za kuno. Anthu onse amakudziwa. Ine amanditcha mlendo. Ndipo mpunga wako umanunkhira. Wangawu sununkhira n'komwe."

Idesi anamuyang'anitsitsa. Zimenezo sankazidziwa.

Madzulo Idesi anauza amayi zonse. Amayi anakwiya. Kenako anapita okha kukaona kudambo. Anati, "Mizu ina ili moyo. Tidikire."

Anadikira. Mpunga wina unafa. Koma wina unaphukanso. Unakula. Unabereka. Dambo lonse linanunkhira.

Atate anadutsa. Ananunkhiza. "Koma mpunga wa Idesi!"

"Ndi wa Florência yemwe, atate," anatero Idesi.

Tsiku lokolola, amayi anabweretsa botolo lija. Idesi anabweretsa lina. Anadzaza loyamba. Anadzaza lachiwiri. Lachiwirilo anapatsa Florência.

"Tenga," anatero Idesi. "Iyi ndi mbewu yakwathu. Kwathu ndi kwanu komwe."

Florência analikumbatira botolo. Azakhali anapukuta maso. Amayi anaphika mpunga, onse anadya pamphasa imodzi.

Chaka chotsatira anadzala limodzi. Idesi anawerama pafupi ndi matope.

"Tizamoyo inu, musaope," anatero. "Kadzanja kamodzi basi."

Nanga nsapato zofiira zija? Idesi amaziyang'anabe pang'ono. Koma Florência amamubwereka Lamulungu popita kutchalitchi.