Tiyanjane ndi Thumba la Mpunga

Tiyanjane ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kutsetsereka pa sinowo, chipale chofewa chija. Anzake onse a kusukulu anatsetserekapo. Iye yekha ayi.

Bambo ake, a Laban, ankasamalira okalamba ku Hamilton, mzinda wa kunja kumene banjalo linkakhala. Kumeneko kunali agogo ena, a Fabian. A Fabian anawauza za phiri lotsetserekapo. Anati lili ndi mipando yoyenda pachingwe. Anawajambulira njira papepala.

"Loweruka tipita," anatero bambo ake.

Tiyanjane anauza kalasi yonse. Mnzake Christabel anati ndi bodza. Anati Lolemba adzafuna kuona chithunzi.

Loweruka linafika. Bambo anaika tiyi ndi mandasi m'thumba la mpunga. A Laban sataya thumba! Tiyanjane ankachita nalo manyazi thumbalo.

Anasiya galimoto pamsewu. Anayenda. Anakwera. Anayendanso. Kunkazizira kwambiri. Koma anthu kunalibe.

Mipando ija anaipeza. Inali ya dzimbiri. Pampando wina panali chisa cha mbalame. Pansi pa wina panamera mtengo. Paliponse panali mapazi a agwape.

Malowo anatsekedwa kalekale. A Fabian ankabwera kuno ali mnyamata. Bambo sanawafunse kuti zinali liti. Ankaona ngati kupanikiza munthu wamkulu ndi mafunso ndi mwano.

Tiyanjane anapsa mtima.

"Adadi, munapromisa!" anatero. "Christabel adzati ndine wabodza."

Anakwiyira mipando. Anakwiyira mitengo. Anakwiyira pepala la a Fabian. Ngakhale agwape anawakwiyira, chonsecho sanawaone n'komwe.

Bambo anamupatsa tiyi. Anakana. Anamupatsa mandasi. Anakana. Anatupa ngati finye. Anakhala pachitsa n'kuwafulatira.

Bambo anachita manyazi. Anapepesa kamodzi. Anapepesa kawiri. Tiyanjane sanacheuke.

Kenako bambo anakhuthula thumba lija. Anati kwawo ku Dedza kulibe sinowo. Koma mvula ikagwa, chulu chimaterera. Ana amakhala pathumba n'kutsetsereka.

"Pano si ku Dedza," anatero Tiyanjane.

Bambo anangonyamula thumba lija. Anasankha malo opanda mitengo. Anayala thumba. Anakhalapo. Thumba linauyamba ulendo. Linathamanga. Linathamangiratu. Bambo anakagwera mu sinowo, miyendo ili m'mwamba.

Tiyanjane analuma mlomo. Sankafuna kuseka. Mkwiyo wake unali usanathe.

Bambo anakweranso akupuma wefuwefu. Chipewa chinali chitatayika. Ndevu zinali mbuu.

"Simukutha," anatero Tiyanjane. "Bweretsani kuno."

Anakhala pathumba nkhope ili ndwii. Anagwira m'mbali. Anatsetsereka. Mphepo inamuomba m'masaya. Mitengo inathawira kumbuyo. Anafika pansi osagwa.

Anatsetserekanso. Anatsetserekanso. Kachitatu anaiwala kukwiya. Bambo anamujambula pa foni. Kenako Tiyanjane anadya mandasi onse.

Lolemba Christabel anaona chithunzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa kumene amagula chotsetserekera chotero.

"Sagula," anatero Tiyanjane. "Muyambe mwatha mpunga wonse."

Madzulo amayi anafunafuna thumba lija kukhitchini. Sanalipeze. Linali pansi pa pilo ya Tiyanjane, lopindidwa bwinobwino.

Bambo anapempha kuti awabwereke.

"Loweruka," anatero Tiyanjane. "Koma woyendetsa ndine."