Chala cha Kaki Etwari

Madzulo a tsiku limene anthu a m'mudzi anaika mwana wachitatu m'manda, Anima Toppo anali kutsekera mbuzi za amayi ake. Mbuzizo zinakana kulowa m'khola. Zinaunjikana pakona, makutu ali njo, zikuyang'ana kudziwe kumene kunkachokera kafungo ka masamba opserera. M'mudzi wa Kendutoli munali zii, ngakhale agalu anali atasiya kuuwa.

Anima sankakhulupirira za ufiti, kapena tinene kuti anazisiya m'basi popita ku mzinda wa Ranchi. Kumeneko anakhala miyezi isanu ndi umodzi akuphunzira utsogoleri pamodzi ndi anamwino ndi aphunzitsi achinyamata. Anawauza kuti mtsogoleri amayamba ndi anthu osamveka, ndiponso sabisa kanthu. Atabwerako analemba mayina a akazi amasiye asanu ndi awiri omwe azilamu awo ankafuna kuwalanda minda ya mpunga, ndipo aliyense anadinda chala cha inki yabuluu pambali pa dzina lake. Woyamba kudinda anali Etwari, nkhalamba yopanda mwana, imene Anima ankaitchula mwaulemu kuti Kaki, ndiye kuti azakhali.

"Beti, mwana wanga, pepala lakoli silidzatiluma?" anafunsa Etwari, akupukutira chala pa sari, nsalu imene anavala.

"Ayi, Kaki. Ine ndilipo. Zikavuta ndilankhula ndine."

Kenako, pofuna kuonetsa kuti sabisa kanthu, Anima anakhoma pepalalo pakhoma la bwalo la misonkhano. Wophunzira ndi wophunzira ndithu, anaiwala kuti azilamu nawonso ali ndi maso.

Mvula itayamba, ng'ombe ziwiri zinafa zitatupa mimba. Kenako ana anayamba kutsegula m'mimba, maso kulowa m'kati, n'kufa pasanathe masiku awiri. Wina anati anamva mtondo ukusinja wokha m'nkhalango. Wina anati anaona nyali ikuyenda m'minda popanda woinyamula. Anima anachita kuuma kukhosi kufotokoza kuti mjigo unawonongeka ndipo anthu akumwa madzi a m'dziwe, koma ankangolankhulira mphepo. Charwa, mlamu wa mmodzi mwa amasiye aja, anakatenga sing'anga wotchedwa Sukra.

Sukra sanavutike kufufuza oganiziridwa, poti anawapeza atalembedwa kale ndi dzanja lokongola. Anayalula pepala la Anima, nalidula timizere, dzina ndi chidindo chake, n'kumangirira kalikonse pa nthambi yake ya mtengo wa sal. Nthambizo anazizika m'matope m'mbali mwa dziwe. Imene ipezeke itafota m'mawa, anatero, mwini dzina ndiye akudya ana.

Tsono madzulo amenewo Anima anazisiya mbuzi natsatira fungo lija. Kudziwe kunalibe munthu. Nthambi zisanu ndi imodzi zinali zaziwisi, koma imodzi masamba ake anali atapotana, ikununkha palafini. Inali ya Jhalo, mayi wa ana atatu, yemwe munda wake wa kumtsinje Charwa ankaumezera mate. Anima anathyola nthambi yatsopano, nasamutsirapo kapepala, yopserera ija n'kukaisomeka kudenga kwawo. Anagona akudziona ngati mtsogoleri weniweni.

M'mawa mudzi wonse unakhamukira kudziwe, amuna akununkha mowa wa mpunga. Sukra ataona nthambi ya Jhalo ili biliwiri kuposa zinzake zonse, nkhope yake inachita mbuu. Anaponya diso kwa Charwa. Koma anthu anali atabwera ndi zibonga, ndipo sakanabwerera nazo osamenya. Sing'angayo anayenda pang'onopang'ono, nazula nthambi imene masamba ake anangolendewera pang'ono.

"Etwari!"

"Ine?" nkhalambayo inatero. "Ana amenewa ndinawalandira ndine pobadwa."

"N'chifukwa chake ukuwadziwa kukoma kwake!" wina anakuwa.

Anima anatsegula pakamwa. Umboni anali nawo kudenga, mawu anali nawo a miyezi isanu ndi umodzi. Koma akanati wasintha nthambi, akanafunsidwa kuti mtsikana amakatani kudziwe kwa mfiti kukuda. Amayi ake anamutsina pamkono.

"Tseka pakamwa, iwe. Ukufuna atchule dzina lako?"

Etwari anamusakasaka ndi maso m'chigulumo mpaka anamupeza.

"Beti, paja unati ulankhula."

Anima anayang'ana pansi. Palibe anamugwira pakamwa, anangochita mantha, ndipo mantha amenewo sanadzikhululukire mpaka lero.

Anthuwo anamumeta Etwari mpala, namuthamangitsira kunkhalango ndi miyala. Apolisi atabwera tsiku lachitatu, m'mudzi monse munalibe amene anaona kanthu. Chimene chinapezeka ndi kansalu ka sari katakodwa paminga basi. Sabata yomweyo mjigo unakonzedwa, ana analeka kufa, ndipo anthu ankauzana kuti mwaona, tachotsa mfiti. Mawu amenewo ankamulasa Anima mumtima.

Woyamba anali Sukra. Akazi opita kukachapa anamupeza atafa, ali chafufumimba m'matope, ndipo atamutembenuza, pamphumi pake panali chidindo cha chala cha inki yabuluu. Charwa atapeza chidindo chomwecho pachitseko chake, anathawa osatsanzika ngakhale mkazi wake.

Kenako chidindocho chinafika kwa a Toppo. Anima anachipeza pamphuthu ya khomo, chachiwisi, chili ndi kachipsera kopingasa kamene ankakadziwa bwino, poti Etwari anadzicheka ndi chikwakwa ali mtsikana. Anachikwecha ndi phulusa. Mawa lake chinali m'kati mwa chitseko. Mkuja chinali pa kapu yake yomwera tiyi.

"Amayi, mwagwira inki yanga?"

"Inki unakaitaya kuchimbudzi wekha, Beti. Usandifunse zimenezo."

Apo m'pamene Anima analimba mtima, madzi atafika kale m'khosi. Anaitanitsa msonkhano kuti aulule zonse, nakwera pampando kukasolola nthambi yopserera ija kudenga. Patapita masabata atatu mu utsi wa m'khitchini, nthambiyo anaipeza yaiwisi, masamba ali biliwiri, madzi a m'dziwe akudontha. Umboni unali utatha. Anakhala pansi n'kulira.

Tsiku lomwelo kunabwera kalata yochokera ku Ranchi. Ankamuyamikira pa ntchito yake ya amasiye, ndipo ankamupempha kuti akalankhule kwa achinyamata atsopano za kulimba mtima. Anima anaiwerenga kawiri, kenako anapita kukasukusula.

"Wadya chiyani pakamwapo?" amayi ake anafunsa.

Anima anatenga kagalasi. Chala chija chinali chitadinda pakati pa milomo yake iwiri, kachipsera kake kakuoneka bwinobwino. Anakwecha ndi sopo, ndi phulusa, ndi mchenga mpaka magazi. Anthu a ku Kendutoli amati mpaka lero amayenda ataphimba pakamwa ndi nsonga ya sari, ndipo ku Ranchi sanayankheko.