Ameni wa Mbali Imodzi

Amene sanamveko kwaya ya tchalitchi chathu cha ku Rivirivi zaka zimenezo asandiuze za kuimba. Ine ndinali momwemo, mzere wa kumbuyo. Akhristu a kuno ndi a kutsidya kwa mtsinje tinkakhala mosakanikirana, ndipo tikati “Ameni” malata ankachita kunjenjemera. Ngakhale a Usumani, Msilamu amene ankasoka zovala pafupi ndi tchalitchi, ankaimitsa makina kuti amvetsere. Ha, masiku aja!

Mkulu wa mpingo anali a Wadson. Anthu akayambana, ankawakhazika pakhonde pawo, kuwapatsa chinangwa chophika, osawalola kuchoka asanagwirane chanza. Mwana wawo Martina ndiye ankayambitsa nyimbo, ndipo mawu ake, abale, anali mawu. A Wadson ankakonda kunena akuseka kuti, “Ine sindifuna bokosi lokongola. Tsiku langa likadzafika, mudzandiperekeze ndi nyimbo imodzi, mpingo wonse.”

Kenako kunabwera Lilian wa ku Ntaja, amene anakwatiwa kutsidya. Nayenso ankaimba mogwira mtima. A Brighton, otsogolera kwaya, anati atsikana awiriwa azisinthana kuyambitsa nyimbo. Nkhani yonse inali yomweyo basi. Koma Martina anafika kunyumba atatupa.

“Ababa, andichotsa chifukwa cha mlendo.”

“Sanakuchotse, akuti muzisinthana,” anatero a Wadson. “Ngati zakuwawa, pita kwa Lilian mukalankhulane awiri. Zikakanika, ubwere tipitire limodzi. Koma usakaitule pagulu nkhaniyi usanamuone mwini wake.”

“Ndamva, ababa.”

Kwa Lilian sanapite. Anapita ku Balaka kwa mnzake Tasha, woluka tsitsi pamsika.

“Iwe ndiye wogona,” anatero Tasha akumuluka. “Ukanena pachitsime, akuti miseche. Koma ukatsinzina n’kuyamba ndi ‘Ambuye’, angakugwire pakamwa ndani? Mwamuna wa Lilianyo ali ku Joni, iye kukacha ali pa kabaza ya Pitala. Ungomupempherera basi.”

Lamulungu lotsatira, nthawi yopempherera odwala, Martina anaimirira. Mawu ake anali ofewa, achisoni. “Ambuye, kumbukirani mlongo wathu wina wa kutsidya amene mwamuna wake ali kutali. Inu nokha ndiye mudziwa kumene njinga ija imamutula.”

Ena a kuno anati, “Ameni.” A kutsidya anangoti zii. Onse ankadziwa kuti Lilian amapita kuchipatala ku Balaka kukadwazika apongozi ake. Lilianyo anatola chitenje chake n’kutuluka.

Atafika kunyumba a Wadson anafunsa, “Martina, lero umalankhula ndi Mulungu kapena ndi anthu?”

“Ine sindinatchule dzina la munthu, ababa.”

“Iyayi, mwanangu, usandipusitse. Wamubaya mnzako uli chitsinzinire. Pita ukapepese dzuwa lisanalowe.”

“Ine ndikagwadire mtengwa wobwera dzana? Zimenezo ndiye ayi.”

Sabata inayo mayi wina wa kutsidya anabweza. “Ambuye, chiritsani ana a akuluakulu a mpingo amene malilime awo atalika.” Ameni anamveka mbali imodzi. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kukhala motsata mtsinje, a kuno kumanja, a kutsidya kumanzere. Mapemphero anasanduka miyala. Zakale zonse zinafukuka: za malire a dimba, za mbuzi inadya chimanga, zonse zinkaperekedwa kwa Ambuye mokweza kuti wina amve. Anthu ankapemphera diso limodzi lili tong’o, kuona ngati mnzawo zamulowa. Zinali zamanyazi, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Bodza linafika ku Joni pa foni. Mwamuna wa Lilian anasiya kumuimbira. Mkazi wa Pitala anamanga katundu n’kubwerera kwawo ku Nsanama. Pomaliza a kutsidya anasiyiratu kuwoloka, nayamba kupempherera m’kalasi ya pasukulu.

A Wadson ankawoloka mtsinje atapinda buluku, kulowa khomo ndi khomo. Kulikonse ankawalandira mwaulemu, koma yankho linali limodzi: “Ife ndi inu tilibe chifukwa, bambo. Abwere mwana wanu.” Martina ankangoti mawa, mawa. Dzinja litafika mkuluyo anagwidwa chibayo, ndipo sanadzukenso.

Pamaliro anabwera onse, pakuti a Wadson analibe mdani. Koma anakhala padera. Bokosi litatuluka m’nyumba, abusa anayang’ana kwaya. A kuno anadikira a kutsidya, a kutsidya anadikira a kuno. Ulendo wa kumanda unayamba popanda nyimbo. Tinkangomva mapazi m’matope.

A Usumani, amene ankayenda cha kumbuyo, anafunsa motsitsa koma tonse tinamva: “Kodi Akhristu munasiya liti kuimbira akufa anu?”

Martina anayesa kuyambitsa nyimbo imene bambo ake ankaikonda. Mawu anamuthera pakhosi. Anayesanso, osatheka. Ndiye anatuluka mumzere, nakagwada m’matope pamaso pa Lilian. Nthawi ino sanatsinzine, ndipo dzina analitchula.

“Lilian, ndinakunamizira. Palibe chimene ndinaona. Inali nsanje ya nyimbo basi. Ndikhululukire, ababa asapite chete.”

Onyamula bokosi anaima. Lilian anamuyang’ana misozi ikutsika.

“Banja langa undibwezera?” anafunsa.

Lilian anapukuta kumaso, natembenukira kubokosi. “Ndiimbira iwowa,” anatero, n’kuyambitsa nyimbo ija.

Ife a kuno tinavomera. A kutsidya ena anavomera, koma ambiri anangoyenda milomo ili yotseka. A Wadson anapita ndi theka la nyimbo imene anapempha.

Mpingo sunabwererenso pamodzi. Lilian anabwerera kwawo ku Ntaja. Martina akadali nafe, amakhala kumbuyo pafupi ndi ine, ndipo nyimbo sayambitsanso ngakhale timupemphe.

Inu achinyamata, kusiyana maganizo mumpingo si tchimo, ndipo sikudzatha. Tchimo ndi kumuzemba m’bale wako n’kukamulasa pagulu, makamaka m’dzina la Mulungu. Ngati wina wakulakwira, pita pakhomo pake, umuyang’ane m’maso, mulankhulane lero. Kupepesa kochedwa Mulungu amalandira, koma zimene waswa sizonse zimabwerera.

A Usumani akusokabe pamalo pomwe paja. Lamulungu timaimba ndithu, koma makina awo saimanso.