Ng'oma Yosalakwa

Ng'oma inkalira yokha pabwalo, timikono tiwiri tachitsulo tikugunda chikopa. Mwini wake, Yotamu Chinkhata, mtsogoleri wa bandi yotchuka ya Mvula Yoyamba, anali m'mitambo, m'ndege yopanda woyendetsa, akupita kukasangalatsa asilikali kumalire kumene nkhondo inafika povuta. M'manja anavala zibangili zotchedwa mtumiki: iye akamenya pabondo m'ndegemo, ng'oma kuno inkayankha nthawi yomweyo. Mkuluyu anali wa nkhutukumve. Nkhondo kapena ayi, sakanalola phwando la Loweruka masana kuchitika popanda dzanja lake.

Mkazi wake Nangozo, woimba m'bandimo, ankaimba akumwetulira. Ankamva bwinobwino dzanja lamanzere la mwamuna wake likutsalira pang'ono, monga mwa masiku onse. Nyamakazi inalilowa kalekale, ndipo Nangozo ankakonda kumuseka kuti dzanjalo limafika mochedwa ngati mlendo wodzera kumowa.

Nyimbo ili pakati, ng'oma inawongoka. Manja onse awiri anayamba kugwera pamodzi, osaphonya ngakhale kamodzi. Ovina anakuwa mokondwa, fumbi kobo!

Koma Nangozo anasiyira anzake nyimbo n'kupita kwa Fatsani Mbendera, katswiri amene anapanga makinawo.

"A Mbendera, akuimbayu ndani?"

"Si bambo omwewo, mayi?"

"Ayi. Bambo a kwathu saimba chonchi."

Fatsani anayang'ana pagalasi la makina ake, nkhope n'kugwa.

"Uthenga wa zibangili waduka, mayi. Ndinakonza kuti ukaduka, makina azipitiriza okha zimene anaphunzira kwa iwo, kuti anthu asaime kuvina. Mwina ndi mitambo chabe."

"Nanga ndegeyo mukuiona?"

Fatsani anafufuza, kenaka anapukusa mutu. Ndege sinkaonekanso paliponse.

"Ndizimitse, mayi?"

Nangozo anayang'ana khamu lija, azimayi atamanga zitenje m'chiuno, akuvinira munthu amene sanalinso moyo.

"Isiyeni ithe. Iwo sankasiya nyimbo panjira."

Anabwerera pamalo pake n'kuimba ndime yotsiriza, misozi ikutsika mwakachetechete. Anthu anawomba m'manja, ena n'kumati a Chinkhata sanaimbepo bwino ngati lero.

Ndegeyo sinapezeke. Ng'oma ija ikadalipo, ndipo mpaka lero silakwa. Nangozo saimvera. Zaka zonse zija ankaseka dzanja lochedwa, osadziwa kuti m'kuchedwa momwemo ndi mmene munali mwamuna wake.