Amene Anasambitsa Amayi Dolika

Nkhani iyi si ya pamowa ayi. Wondiuza ndi Dailes mwini wake, mwana wa malemu Amayi Dolika, ndipo agogo aLusiya amene anakhala pakhomo tsikulo akadali moyo kumudzi kwawo, m'mbali mwa msewu wochoka ku Chipata kupita ku Mwami. Wokayika akawafunse.

Amayi Dolika anakhalitsa, mpaka kunyamula zidzukulutudzi. Ntchito zawo aliyense ankazidziwa: kusesa pamjigo, kuperekeza amayi apakati kuchipatala, kuphikira odwala phala. Koma yaikulu inali yosambitsa maliro amene ena ankawathawa. Zaka zija matenda aja atavuta, achibale akuopa ngakhale bulangeti la wodwala, iwo ankalowa ndi beseni ndi sopo. Mayi wamalonda wogundidwa ndi thiraki ku Mwami, wamisala uja ankagona pamsika ku Nabvutika, onsewo anadutsa m'manja mwawo. Akamaliza ankang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje chimene avala, n'kumanga nako chibwano cha malemuyo kuti asapite kukamwa kuli yasa.

Dailes zinkamuchititsa manyazi. Chitenje chilichonse chimene ankawagulira sichinkachedwa kusanduka nsanza.

"Amama, anthu aziti mulibe ana. Mpaka kuyenda ndi nsanza chifukwa cha anthu osawadziwa n'komwe?"

"Nawonso anabadwa kwa munthu, mwanawe," ankangoyankha choncho.

Anatsirizika m'mawa wina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anthu anadzaza bwalo, matamando ali pakamwa mbwee. Koma anthu inu! Itakwana nthawi yosambitsa thupi, wina akuti mutu, wina akuti ndikuyamwitsa, wina wangoti zii kuyang'ana pansi. Kumbali ankanong'onezana kuti munthu wogwira maliro ambiri chotere, thupi lake siligwiridwa wamba. Ine zimandipsetsa mtima mpaka lero. Anzawo onse a ntchitoyi anali atatsogola kale, kupatula agogo aLusiya, amene manja awo ankanjenjemera osatha kugwira ngakhale kapu. Ndipo kumeneko mwana sasambitsa mayi ake.

Kunja kunatentha. Bokosi linafika. Azibambo anati thupi silingadikire, lilowe m'bokosi dzuwa lisanalowe, losamba kapena losasamba.

Dailes mtima unamuwawa koopsa. Mayi amene anasambitsa dera lonse apite ndi thukuta la matenda? Anatola ndowa.

"Mwambowo undilange ine," anatero. "Agogo aLusiya, khalani pakhomo pa chipinda chimene agona amama, ndikatunge madzi."

Pobwera kumjigo anadabwa. Nyimbo ya maliro inali itaduka, azimayi akungoyang'anana, osadziwa amene wayamba kusiya. Nyenje zimene zinkasokosa m'mitengo chiyambire m'mawa zinali chete. Nkhuku zinaunjikana pansi pa nkhokwe. Ndiye fungo. Fungo la dothi lonyowa, ngati la mvula yoyamba, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Analowa m'nyumba natula ndowa. Chitseko cha kuchipinda chinali chotseka, agogo aLusiya ali tsonga pamphasa.

M'katimo munkamveka madzi. Khwaa. Kenaka nsalu ikufinyidwa. Khwaa. Ndi manong'onong'o a azimayi, ambiri ndithu, otsika kwambiri.

Chipindacho khomo lake ndi limodzi. Zenera lake n'lazitsulo.

Dailes anatambasula dzanja kuti atsegule. Agogo aja anamugwira pamkono, ndipo dzanja lawo silinkanjenjemera.

"Usalowe. Sanamalize."

"Ndani, agogo?"

"Sindinawafunse."

"Adutsira pati?"

"Khala pansi, mwanawe."

Anakhala. Madzi analira kanthawi. Kenaka anasiya. Chitseko chinatseguka chokha, pang'ono chabe, ndipo kamphepo kozizira kanawadutsa m'miyendo, kakudutsa, kakudutsabe, ngati mzere wa anthu.

"Mwagwira ntchito," ananong'ona agogo aLusiya. "Muyende bwino."

Nyenje zinayambiranso kulira.

Dailes analowa. Amayi ake anali gone pamphasa, oyera bwino, odzola mafuta, imvi zili zonyowa ndi zopesedwa. Beseni linali louma. Sopo anali m'pepala lake, wosatsegula. Pansi panalibe ndi dontho lomwe.

Chibwano chinali chomangidwa. Osati ndi kansalu kamodzi ayi, koma tinsalu tambirimbiri tolumikizalumikiza, tosuluka, tina tofumbwa, tonse tili ndi dothi lofiira la kumanda. Dailes anawerama. Anazindikira kobiriwira ka maluwa achikasu. Chitenje cha kansaluko anawagulira yekha ndi malipiro ake oyamba, ndipo ndi chomwecho anawakalipira nacho amayi ake atachiona chong'ambika.

Apa ndiye analira, kulira kwenikweni.

Mfundo yomaliza ya pamutu inali isanamangidwe. Nsonga ziwirizo zinkaperewera pang'ono kuti zikumane.

"Akusiyira iwe pamenepo," anatero agogo aLusiya ali pakhomo.

Dailes anagwira mphepete mwa chitenje chake chatsopano, nachiluma ndi mano, n'kung'amba.

Azimayi aja atalowa kudzaona nkhope, palibe anafunsa amene wasambitsa. Amayi Dolika anaikidwa m'mawa mwake, tinsalu tonse tili pachibwano, ndipo palibe dzanja limene linayerekeza kumasula.