Tulukani Nonse Atatu

Nkhani iyi sindinaimve pa mowa. Anandiuza ndi amayi anga, a Otilia, ndipo azakhali anga a Juliana, amene lero amatsogolera gulu la azimayi kutchalitchi kwathu ku Mbenje, anali m'madzi momwemo tsikulo. Atsibweni anga a Geresomo nawonso akadali moyo. Mukawapeza padoko akusoka ukonde, afunseni. Anthu amenewa amatsutsana pa zambiri, ngakhale pa malire a dimba, koma pa nkhani iyi yokha mawu awo ndi amodzi.

Munali mu February, chaka cha njala ya 2002. Ine ndinali ndisanabadwe. Bambo anali ku maganyu ku esiteti ya nzimbe. Anangobwera pa Khrisimasi n'kubwereranso. Pakhomo panali alongo anga awiri, ndipo wamng'onoyo anali atasiya kulira, amangogona pamphasa maso ali yuu. Chakudya chimene chinatsala chinali nyika, timizu ta kakombo tija timamera m'matope pansi pa madzi a kudambo. N'zowawa pakamwa, koma ukaziphika mwana amagona.

Kukumba nyika ndi kulowa m'nyumba ya ng'ona. Umalowa m'madzi mpaka m'chifuwa, n'kumafufuza ndi zala za kuphazi, ukaikhudza umamira n'kuizula. Mwezi womwewo mayi wina wa mudzi woyandikana nafe analowa, anthu n'kungotola chitenje.

Kwathu kuchimayi kuli mwambo. Usanaponde madzi achilendo umagwada, kuomba m'manja katatu, n'kupempha odi kwa eni madzi, anthu akale amene anafera m'dambomo. Chilombocho suchitchula dzina. Mluzu suimba.

M'mawa umenewo atsibweni anawatenga amayi ndi azakhali pa bwato, n'kukawatsitsa pa kachilumba ka bango mkati mwa dambo. Iwo anabwerera kukaponya mbedza pakamwa pa mkwasa, kanjira kamadzi kamodzi kokha kolowera pamalopo. Amayi anagwada n'kuomba m'manja.

"Odi, eni madzi. Ndine Otilia, ndabwera ndi mlamu wangayu. Sitikufuna zambiri, ana okha adye."

Azakhali anaseka, ali kale m'madzi mpaka m'mawondo.

"Mlamu, inu mumaimba kwaya Lamulungu, Lolemba mukupempha kwa achule?"

"Kupempha sikuthyola mwendo," anatero amayi.

Anakumba mpaka dzuwa linafika paliwombo. Dengu limodzi linadzaza, lachiwiri linali pakati. Osazindikira, anali atatalikira kachilumba kaja ndi mapazi ngati makumi awiri, chifukwa nyika zonona zinali kutsogolo. Amayi amati chinthu choyamba chimene anaona chinali chakuti akakowa onse auluka nthawi imodzi, popanda chowaopsa. Kenako achule anasiya. Tizilombo ta m'bango tinasiya. Nantchengwa analira kamodzi pamwamba pawo, n'kupita.

Zii.

Ndiye kunabwera fungo. Osati la matope, osati la nsomba. Fungo la fodya wa chingambwe, ngati munthu akusuta pambali pako.

"Mlamu," ananong'ona azakhali. "Chinachake chandikhudza pantchafu."

"Ndi chipika."

"Chikuyenda. Sichikutha kudutsa."

Amayi anatembenuza maso okha. Pakati pa iwo ndi kachilumba panali timatupsa tiwiri pamwamba pa madzi. Kutsogolo kwake, mphuno. Kuchokera pamphuno kufika pamasopo panali potalika ngati mkono wonse wa munthu.

Pemphero linakana kutuluka.

Bango linapatuka kumanzere kwawo ndipo panatulukira bwato. Linali lakale, lakuda, losemedwa ndi nkhwangwa. Nkhafi inkalowa m'madzi n'kutuluka, koma phokoso panalibe. Wopalasayo anali bambo wamtali wa imvi m'ndevu, atamanga nsalu yakuda m'chiuno, pachifuwa pali pamtunda. Sanawayang'ane. Analowetsa bwato lake pakati pa iwo ndi maso aja, n'kuima.

"Bulukani m'madzi," anatero motsitsa, m'Chisena. Kenako anabwereza m'Chimang'anja. "Tulukani nonse atatu. Osathamanga. Osamwaza madzi."

Anayamba kuyenda. Phazi limodzi. Lina. Matope akugwira akakolo. Bwato linkayenda nawo m'mbali, pang'onopang'ono, ngati mpanda. Kuseri kwake ankamva chinthu chikukhula thabwa. Khwee. Khwee.

Bambo uja anawerama n'kuyankhula ndi madzi, monga munthu amayankhulira ndi galu wa pakhomo pake.

"Awa apempha. Ndawamva ndine."

Azakhali anayamba kulira chamumtima. Amati sadziwa chimene chinawatsegula pakamwa.

"Bambo, ine sindinapemphe."

"Mlamu wanu wakupempherani. Yendani."

Madzi anafika m'chiuno. M'mawondo. Anagwira bango n'kudzikokera pamtunda, n'kugwa chafufumimba pafupi ndi madengu awo. Amayi anadzuka msanga kuti athokoze, manja ali okonzeka kale.

Panalibe munthu. Panalibe bwato.

Namasupuni amene anaphimba mbali imene bwatolo linachokera anali chigwirizanire, maluwa ake ali chiimire, osathyoka ndi limodzi lomwe. Patali, msana wa chilombo chija unkang'amba madzi kulowera kuzambwe. Achule anayambiranso.

Anakuwa mpaka atsibweni anafika. Atsibweni atamva nkhaniyo, anaika nkhafi pamiyendo.

"Mlongo, ine pamkwasa paja sindinasunthe chiyambire m'mawa. Sipanadutse bwato. Ngakhale la mwana."

"Ndiye tikunama, achimwene?"

"Sindinatero. Fodyayo ndamumva nanenso. Ndinacheuka kuti ndipemphe moto."

Padoko anafunsa asodzi onse, achikulire ndi a ku tsidya omwe. Palibe amene ankamudziwa munthu wotero, ndipo mabwato osema choncho anati anatha kalekale. Nyika zija zinawasunga masiku asanu, ndipo sabata yotsatira kunabwera chimanga cha chithandizo. Mlongo wanga wamng'ono uja lero ali ndi ana ake anayi.

Chimene chinkawavuta azakhali chinali chiwerengero. Ankati munthu wamaso akuthwa chotero, woona chilombo pansi pa madzi, angalephere bwanji kuwerenga anthu awiri? Amayi nawonso sankadziwa. Thupi linali litauma ndi njala, ndipo kusintha kwake ankakuyesa njala yomweyo. Patapita milungu itatu, azamba a m'mudzi anawagwira pamimba n'kuseka. Ine ndinabadwa kumapeto kwa September. Dzina langa ndine Paison.

Azakhali sanasiye tchalitchi, ndipo salola munthu kunena kuti anaona mzimu. Amati anaona mthenga, ndipo Mulungu amatuma amene wamufuna. Amayi amati anali mmodzi wa eni madzi. Akakangana kwambiri amathera kuseka, kenako onse awiri amapukuta misozi.

Chaka chatha, mu October, ndinawapempha atsibweni kuti akandionetse malowo. Dambo linasintha, madzi osefukira a zaka zapitazi anakwirira mbali imeneyo ndi mchenga, ndipo tsopano anthu amalimapo mbatata. Tinayenda wapansi, dzuwa likuswa mtengo. Atsibweni anaima pakati pa mizere n'kuloza ndi chibwano.

"Apa. Madzi ankalekeza m'chifuwa mwako."

Ndinangoima, n'kunena mokweza monga amathokozera a kuchibambo kwathu m'Chisena.

"Takhuta, baba. Wachitatu uja ndine. Ndakula."

Mphepo kunalibe. Mtsinje unali kutali, ulendo wa ola lathunthu. Koma pafupi nafe, pafupi ngati pamene pali chitseko cha nyumba yanu, tinamva nkhafi ikugogoda m'mbali mwa bwato. Go. Go. Kawiri basi.

Ndinayang'ana atsibweni kuti andiuze kuti ndi khasu la munthu wina. M'munda monsemo tinalimo awiri. Iwo anavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa mpaka tinafika kumsewu.